Ndevu za Chinjoka: Mmene Manja Awiri Amasandutsira Shuga Kukhala Ulusi

Pa maswiti onse amene anthu a ku China amapanga ndi manja, imene imaimitsa anthu m'njira ndi ija amaitcha longxutang, switi ya ndevu za chinjoka. Kukula kwake sikuposa chala chachikulu cha m'manja. Kunja ndi tiulusi toyera mbee, tofewa, tokulungidwa pamodzi. M'kati muli mtedza wokazinga wosinja, chitowe ndi kokonati wopala. Zopangira zake n'zochepa ndiponso n'zotchipa, moti mutaziona zili patebulo simungaganize kuti pangatuluke chinthu chodabwitsa. Chodabwitsacho chili m'manja mwa wopanga. Chibulumwa chimodzi cha shuga wouma amachisandutsa tiulusi masauzandemasauzande m'mphindi zowerengeka, popanda makina, popanda moto pafupi, inu mukuona.

Masitolo ake amakhala ang'onoang'ono. Ambiri ndi kawindo chabe koyang'ana kumsewu, kapena katebulo pamsika wausiku, m'mizinda ya ku China, ku Hong Kong ndi ku Taiwan, komanso m'madera amene Atchaina anakhazikika kunja kwa dziko lawo. Ku Chinatown ya mumzinda wa Montreal, ku Canada, kuli kasitolo kotere kamene kakhala kakukoka switiyi kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Mukaima pawindo mumaona thireyi yakuya yodzaza ufa woyera, mbale ya zoika m'kati, ndi zibulumwa za shuga zofiirira, zowala, zolimba moti wogulitsa wina amayamba wagogoda nacho patebulo kuti mumve kuti n'chouma gwa.

Wopanga amatenga chibulumwa chimodzi n'kuyamba kuchifinya m'manja kuti kutentha kwa thupi kuchifewetse pang'ono. Kenako amachiboola pakati ndi chala kapena kamtengo, n'kumakulitsa bowolo mozungulira mpaka chibulumwa chija chitasanduka mkombero. Owonerera ambiri apa amakhala asanayambe kuyang'anitsitsa, koma m'pamene pagona ntchito yonse. Mkomberowo uyenera kunenepa mofanana mbali zonse. Pena pakangoonda kuposa pena, malo oondawo ndi amene amayamba kugonja nthawi iliyonse akakoka. Amaonderaondera pamene mbali zina zikadali zonenepa, mpaka kuduka. Mmisiri wodziwa ntchito amataya nthawi yambiri pa mkombero woyambawu kuposa pa zonse zotsatira.

Akakhutira nawo, amauviika mu ufa n'kuyamba kuutamula. Sakoka ndi mphamvu za m'mapewa ayi. Dzanja limodzi limagwira, linalo limafinya n'kukoka pang'ono, kenako mkombero umasuntha kuti chigawo china chilowe m'dzanja lokokalo. Umayenda choncho mozungulira, kachigawo ndi kachigawo, mpaka utatalika kuwirikiza kawiri. Pamenepo amaupotoza pakati kuti uoneke ngati nambala 8, n'kupinda mitu iwiriyo pamodzi. Unali mkombero umodzi, tsopano ili iwiri yogonerana. Aviikanso mu ufa, atamula, apotoza, apinda: inayi. Kenako 8, kenako 16, kenako 32. Poyamba manja amayenda pang'onopang'ono chifukwa shuga amakhala akukanabe. Pofika kupinda kachisanu n'chimodzi kapena kachisanu n'chiwiri zinthu zimasintha: mtolo wa tiulusi umafewa, umayamba kulendewera, ndipo manja amathamanga mpaka maso anu kulephera kutsatira pamene wapotozera. Ufa umachita mbuu m'mwamba. Mtundu wofiirira uja umazimiririka pang'onopang'ono, kuchoka kufiira kupita kuchikasu, kuchoka kuchikasu kupita kuyera. Pomaliza amautukula m'mwamba n'kuugwedeza kuti ufa wotsala ugwe, ndipo zimene zili m'manja mwake zimagwedezeka ndi kamphepo kalikonse.

Masamu ake ndi osavuta, koma amadabwitsabe. Kupinda kulikonse kumawirikiza tiulusi kawiri. Kupinda ka 10 kumabala tiulusi 1,024. Ka 12, tiulusi 4,096. Ka 13, tiulusi 8,192. Ka 14, tiulusi 16,384. Shuga sawonjezeka, ndi yemweyo amene akugawika, ndiye kaulusi kalikonse kamaonda. Kunenepa kwake kumatsika ndi theka pa kupinda kuwiri kulikonse, kotero kuti akapinda ka 14 kumakhala kuti kwagawidwa ndi 128. Ngati mkombero woyamba unali wonenepa sentimita imodzi, kaulusi komaliza kamakhala pafupifupi mamilimita 0.08, chimodzimodzi tsitsi la munthu. Ndipo kunena zoona, bola ngati sipanaduke, tiulusi tonseti ndi ulusi umodzi wozungulira kambirimbiri. Mkombero wa mita imodzi kuzungulira, ukapindidwa ka 14, ulusi wake utautambasula ungapitirire makilomita 16. Njira yomweyi ndi imene amakokera ma noodles a lamian otchuka mumzinda wa Lanzhou, kungoti kumeneko amakoka ufa wokanda.

Funso lenileni n'lakuti shugayu amalolera bwanji kukokedwa chotere osaduka. Shuga amene timathira mu tiyi ndi timiyala ting'onoting'ono. Tizigawo take timakonda kuyalana mwadongosolo, ndipo chinthu chimene chayalana chotero sichitamuka, mukachikoka chimangosweka. Wopanga maswiti amafuna kuti shuga wosungunuka azizire tizigawo take tisanapeze mpata woyalana. Akatero, shuga amauma koma m'kati mwake amakhala wosokonekera monga momwe analili ali madzimadzi. Umu ndi mmene galasi limakhalira, ndipo akatswiri a sayansi ya zakudya amautchuladi mkhalidwewu kuti ndi wagalasi. Shuga wotere akazizira kwambiri amathetheka, akafunda pang'ono amafewa n'kuyamba kuyenda mwaulesi. Pakati pa kuthetheka ndi kuyenderera pali kampata kochepa pamene amatamuka osaduka ndiponso osagwa yekha. Ntchito yonse ya mmisiri ndi kumusunga m'kampata kameneko.

Chimene chimakhazikitsa kampatako ndi madzi otsala mu shuga, ndipo madziwo amayezedwa ndi kutentha. Madzi okhaokha amawira pa madigiri 100 m'malo otsika a m'mbali mwa nyanja yamchere. Mukasungunulamo shuga n'kumawiritsa, madzi amachoka ngati nthunzi ndipo kutentha kumakwera. Pa madigiri 112 mpaka 116, shuga amakhala ali pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse, ndipo akazizira amakhala wofewa kwambiri. Pa madigiri 150, madzi amakhala atatsala pafupifupi gawo limodzi pa 100, ndipo zimene zimatuluka ndi maswiti ouma oyamwa aja. Wa ndevu za chinjoka amaphulidwa pakati, cha m'ma 130. Kusiyana kwa madigiri atatu kapena anayi okha n'kokwanira kuwononga mphika wonse. Amisiri akale analibe choyezera kutentha. Ankadontheza manyuchi m'madzi ozizira n'kuwafinya ndi zala, kapena kuyang'ana kukula kwa thovu ndi mmene manyuchi akugwera kuchokera pa chipande. Ena mpaka lero amadalira zomwezo, ndipo amasintha kaphikidwe malinga ndi nyengo: tsiku lotentha kapena lachinyezi amaphika molimbirako, tsiku lozizira amaphula msanga.

Kutentha kokha sikokwanira. Shuga wa nzimbe amafunitsitsa kubwerera ku timiyala take, ndiye pamafunika chomusokoneza. Ena amathira kaviniga pang'ono. Asidi wake amaphwanya gawo lina la shugayo kukhala mitundu iwiri, glucose ndi fructose, imene imalowerera pakati n'kulepheretsa kuyalana kuja. Koma chinthu chimene chili pamtima pa maswiti okoka a ku China si viniga, ndiponso si nzimbe. Ndi manyuchi a chimera, amene iwo amati maiyatang, ndipo dzina lake la sayansi ndi maltose.

Aliyense amene anaonapo thobwa likufulidwa amadziwa kale mmene manyuchi amenewa amapangidwira, ngakhale sanamvepo dzina lake. Mayi amaphika phala la ufa, amalisiya kuti lipole mpaka kungotsala kufunda, ndiye amathiramo chimera. Phala lolimba lija limasungunuka n'kukhala lamadzimadzi, ndipo limayamba kutsekemera popanda kuthiramo shuga. Chimene chimachitika n'chakuti mbewu ikamamera imapanga ma enzyme otchedwa amylase, amene ntchito yake ndi kudula sitachi kuti kambewuko kapeze chakudya. Ma enzyme amenewo akakumana ndi sitachi wophika wa m'phala amamuduladula kukhala shuga wa maltose. Phala likakhala lotentha kwambiri amafa, n'chifukwa chake amayi amadikira kuti lipole kaye. Ku China amachita zomwezi ndi tirigu kapena balere womeretsa kwa masiku angapo, amene amamuduladula n'kumusakaniza ndi mpunga womata wophika. Amausunga pofunda, pa madigiri a m'ma 55 mpaka 65, kwa maola angapo. Mpunga ukasungunuka amaufinya pansalu, ndipo apa m'pamene njira ziwirizi zimasiyanirana: m'malo momwa madziwo, iwo amawawiritsa kwa nthawi yaitali mpaka atasanduka manyuchi onanda, ofiirira.

Manyuchi a chimera ali ndi makhalidwe awiri amene wokoka switi amawafuna. Choyamba, sathamangira kupanga timiyala, chifukwa muli mitundu ingapo ya shuga ndi tizidutswa ta sitachi tosaduka bwinobwino, zimene zimawachititsa kunanda ndi kutamuka. Chachiwiri, kutsekemera kwake sikufika ngakhale theka la shuga wa nzimbe. Ichi n'chifukwa chake switi ya ndevu za chinjoka yopangidwa bwino siitsekemera mopitirira muyezo, ndipo imasiyira malo fungo la mtedza ndi chitowe. Kwa ine apa m'pamene mungadziwire sitolo yosamala ntchito yake. Yopangidwa ndi shuga wa nzimbe wambiri imatha kuoneka bwino chimodzimodzi, koma m'kamwa mumangomva kutsekemera kokhakokha.

Ku China chimera chinayamba kutsekemeretsa zakudya kalekale shuga wa nzimbe wouma asanafale. Ndakatulo zakale kwambiri za m'dzikolo, za zaka zoposa 2,500 zapitazo, zimatchula kale manyuchi amenewa pofanizira kukoma. Buku la zaulimi lotchedwa Qimin Yaoshu, limene Jia Sixie analemba cha m'ma 540, limafotokoza kameretsedwe ka chimera ndi kaphikidwe ka manyuchi ake mwatsatanetsatane. Za nzimbe zinakula pambuyo pake. M'chaka cha 647, mfumu Taizong ya mzera wa Tang inatumiza nthumwi ku Magadha, ku India, kukaphunzira kapangidwe ka shuga. Ngakhale shuga wa nzimbe anadzafala, kumpoto kwa China kumene nzimbe sizilimidwa, anthu wamba anapitirizabe kudalira chimera, chifukwa tirigu, mapira ndi mawere zinali m'nkhokwe zawo.

Tibwerere ku thireyi ya ufa ija, pakuti nayo si yongokongoletsa. Tiulusi tiwiri ta shuga tikakhudzana timamatana nthawi yomweyo n'kukhalanso kamodzi. Ufa ndi umene umatilekanitsa. Kupinda kulikonse kumabala khungu latsopano la shuga limene silinakhudzepo ufa, n'chifukwa chake mmisiri amaviika akangopinda, osaphonya ngakhale kamodzi. Ufawo umakhala wophika kale, nthawi zambiri wa mpunga womata wokazinga pang'ono kapena sitachi wa chimanga, chifukwa switiyi sibwereranso pamoto ndipo ufa wauwisi ungamveke m'kamwa. Kukazingako kumachotsanso chinyezi mu ufamo. M'madera ena a ku China amagwiritsa ntchito ufa wa soya wokazinga, ndipo switi yake, imene amaitcha longxusu, imatuluka yachikasu, yonunkhira mokazingika, ndipo nthawi zambiri siikhala ndi choika m'kati.

Mtolo wa ulusi ukatheka, zotsala zimachitika mwachangu. Amaduladula tizigawo totalika ngati chikhatho, kuyala kamodzi padzanja, kuthira kasupuni ka mtedza ndi chitowe pakati, n'kukulunga, ena pogwiritsa ntchito timitengo timene Atchaina amadyera. Akakupatsirani, musalume theka. Ikani yonse m'kamwa nthawi imodzi, apo ayi mtedza umwazikira pansi ndipo ufa ukhala pamalaya. Musapumirenso m'kati poiika, kuopa kutsamwa ndi ufa. Poyamba lilime limamva kuuma kwa ufa ndi kufewa kwa tiulusi, ngati simunaike chakudya m'kamwa. Malovu akangotikhudza timanyala n'kusungunuka, kutsekemera kumabwera mochedwerako, kenako mano amakumana ndi mtedza wokhukhuta. Chotsalira pomaliza ndi kachibulumwa kotafunika kamene kamamatirira pang'ono kumano. Zonsezi zimachitika m'masekondi ochepa, ndipo tiyi wopanda shuga ndi amene amayenda nayo bwino.

Kusungunuka msanga kumeneku ndi kukoma kwake, komanso ndi kufooka kwake. Shuga wagalasi amakoka chinyezi cha mumpweya. Chibulumwa chimodzi chili ndi khungu lochepa, ndiye chimapirira. Koma mukachigawa kukhala tiulusi masauzande, khungu lokhudzana ndi mpweya limachuluka kuwirikiza koposa 100, ndipo kaulusi kalikonse kamamwa chinyezi mbali zonse. Madzi akalowa, tiulusi timafewa, timamatana, mtolo umanyala n'kukhala kachibulumwa kotafuna. Mumzinda wachinyezi ngati Hong Kong m'nyengo yotentha, kusinthaku kumayamba m'mphindi zochepa chabe. Pamalo ouma ndi ozizira switiyi imapirira maola angapo. N'chifukwa chake wogulitsa woona mtima amakuuzani kuti mudye pomwepo, ndipo sapanga zambiri zodikirira ogula.

Zoona, ilipo ya m'mabokosi, yomatidwa m'mapepala osalowa mpweya, imene imagulitsidwa m'mabwalo a ndege ndi m'masitolo a mphatso. Sindiinyoza, kwa munthu amene sangafike kumene amakokera, ndi njira yokhayo yoilawira. Koma ndimadandaula ndikamva munthu akuti anailawa ndipo sanaone chapadera, pamene analawa ya m'bokosi yomwe yayenda milungu. Imeneyo imakhala itauma kapena itagwirana, ufa wokha ndi umene umamveka. Chimene kasitolo kakang'ono kamagulitsa ndi mphindi zochepa zija tiulusi tikadali patalipatali, ndipo bokosi silingazisunge.

Za dzina lake pali nthano zingapo, ndipo ogulitsa amazikonda. Ina imati wophika wa kunyumba yachifumu m'nthawi ya mzera wa Han, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, anaipanga pamaso pa mfumu, ndipo tiulusi titamatirira pachibwano cha mfumuyo tinaoneka ngati ndevu. Ina imati mfumu Zhengde ya mzera wa Ming, imene inalamulira kuyambira 1505 mpaka 1521 ndipo inkadziwika ndi kukonda kuyendayenda kunja kwa nyumba yachifumu, inaipeza kwa anthu wamba ikutchedwa switi ya ulusi wasiliva, n'kupita nayo kunyumba yachifumu kumene inapatsidwa dzina latsopano. Izi ndi nthano zongosimbidwa pakamwa. Chimene chili chotsimikizika ndi ulemu wa dzinalo. Chinjoka cha ku China, long, si chilombo choipa monga ambiri a ife timachidziwira. Ndi chizindikiro cha mvula, mitsinje ndi ulamuliro, chojambulidwa ndi ndevu zazitali zopyapyala, ndipo m'nthawi ya mizera ya Ming ndi Qing chinjoka cha zikhadabo zisanu chinali chizindikiro cha mfumu. Ine nthano yachiwiriyo ndi imene imandikhutiritsako, chifukwa imavomereza kuti luso linayambira mumsewu. Manyuchi a chimera anali chakudya cha alimi, ndipo sindiona chifukwa choti ntchito ya manja yokongola chonchi izidikira mfumu kuti ilemekezeke.

Umboni wakuti kukoka manyuchi ndi luso la anthu wamba uli pa abale ake a switiyi. Kumpoto kwa China, pa tsiku la 23 la mwezi wa 12 pa kalendala yoyendera mwezi, pafupifupi mlungu umodzi chaka chatsopano chisanafike, mabanja amatsanzikana ndi Zao Jun, mulungu wa kukhitchini. Kummwera ambiri amachita izi pa 24. Chikhulupiriro chake n'chakuti iye amakhala pafupi ndi mafuwa chaka chonse akuona zochitika m'nyumba, ndipo tsiku limeneli amakwera kumwamba kukapereka lipoti kwa mfumu ya kumeneko. Banja limamuikira maswiti a chimera otchedwa tanggua kapena guandongtang, ena amati kuti mawu ake akatsekemere, ena amati kuti kamwa yake imatane asakanene zoipa. Mwambo ukatha ana ndi amene amadya.

Kapangidwe ka tanggua kamasonyeza mbali ina ya kukoka. Ku Laiwu, m'chigawo cha Shandong, kumene kumadziwika ndi switiyi, amakoleka manyuchi otentha pa chokolekera cholimba n'kumawakoka, kuwapinda, kuwakokanso, pafupi ndi nthunzi yotuluka mumphika kuti asaume msanga. Apa sathira ufa, chifukwa safuna kulekanitsa tiulusi. Amafuna kutsekera mpweya m'kati. Kupinda kulikonse kumatsekera timabowo ta mpweya tosaoneka ndi maso, ndipo timabowoto timamwaza kuwala mpaka manyuchi ofiirira aja atayera. Kenako amuna angapo amagwirizana kuwaumba kukhala chubu chachitali cha mphako, n'kuchidula ndi chingwe kuti patuluke timipira ta mphako tokhala ngati timavwende, timene amatigubuduza mu chitowe. Ntchitoyi ndi ya m'nyengo yachisanu yokha. Kuzizira ndi kumene kumaumitsa switiyo kuti izithetheka polumidwa. Ikalowa m'nyumba yofunda imafewa n'kuyamba kunanda. Palinso dingdingtang, yodziwika ku Sichuan ndi ku Hong Kong, manyuchi okokedwa mpaka kuyera n'kuuma gwa, amene wogulitsa amawaswa ndi kanyundo ndi kachitsulo. Kulira kwa zitsulozo ndi kumene kumaitana ogula, ndipo n'kumene kunabala dzinalo.

Kunja kwa China nako kuli maswiti a ulusi okokedwa ndi manja. Ku Turkey kuli pişmaniye, yotchuka mumzinda wa İzmit, imene pachikhalidwe amuna angapo amaikoka atazungulira thireyi yaikulu, mkombero wa shuga ukuyenda m'manja mwawo pamwamba pa ufa wokazinga ndi batala. Ku Iran kuli pashmak, yodziwika kwambiri ku Yazd. Ku India kuli soan papdi, imene tiulusi take amatitsindira pamodzi n'kudula timabokosi. Ku South Korea, mumsewu wa Insadong mumzinda wa Seoul, anyamata ogulitsa kkultarae amakoka akuimba manambala mokweza m'zilankhulo zingapo mpaka kufika pa 16,384. Kumeneko switiyi inafala m'zaka za m'ma 1990, ndipo nayonso anaipezera nthano yake ya kunyumba yachifumu. Switi yathonje ija ya pakamtengo, imene ana amagula m'malo achisangalalo, ndi ya mtundu wina. Makina ake anapangidwa mu 1897 ndi William Morrison, dokotala wa mano, ndi John C. Wharton, wopanga maswiti, a ku Nashville ku America, ndipo inatchuka pa chionetsero cha ku St. Louis mu 1904. Makinawo amasungunula shuga n'kumuponya kudzera m'timabowo akuzungulira mwaliwiro. Palibe chokoka, palibe ufa, ndipo tiulusi take n'tatifupi, topiringizana. Ta ndevu za chinjoka timagona mbali imodzi, ndipo n'chifukwa chake m'kamwa timatafunika pamene ta makina timangozimiririka.

Amisiri okoka ndi manja si ambiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Zopangira n'zotchipa, ndiye mtengo sungakwere kwambiri. Katundu sasungika, ndiye simungapange wambiri usiku n'kugawira ogulitsa m'mawa. Munthu mmodzi ayenera kuima pamenepo tsiku lonse, manja ali mu ufa. Ndipo luso lake silingalembedwe lonse papepala. Mungathe kulemba madigiri ndi kuchuluka kwa kupinda, koma simungalembe mmene chibulumwa chimamvekera m'manja chikafika pofunika kuboola, kapena mphamvu yoyenera kufinyira pa kupinda kachitatu poyerekeza ndi ka 11. Zimenezo zimalowa m'zala pokhapokha munthu ataononga zibulumwa zambiri. Ndikaona mmisiri wotere akugwira ntchito, sindiona kuti anthu oima pawindo akumuchedwetsa. Kuonerera kwawo ndi kumene kumasunga kasitoloko, chifukwa amene waona ndi maso ake samanyinyirika ndi mtengo.

Amene angafune kuyesa kunyumba angathe, ngakhale manyuchi a chimera atasowa. Muyezo umene ophika ambiri a masiku ano amatsatira ndi shuga kilogalamu imodzi, madzi theka la lita, manyuchi a glucose kapena a chimanga magalamu 100, ndi kasupuni kamodzi kakang'ono ka viniga. Shuga akasungunuka musavundulenso, chifukwa kuvundula kumadzutsa timiyala. Timene tamatirira m'mbali mwa poto tipukuteni ndi kansalu konyowa. Wiritsani pamoto wapakatikati mpaka madigiri 130 kapena kupitirira pang'ono. Manambalawa ndi a malo otsika. Kumtunda madzi amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 alionse, ndiye ku Lilongwe kapena ku Lusaka, kumene kuli pamwamba pa mamita 1,000, chotsanipo madigiri atatu kapena anayi. Samalani kwambiri ndi manyuchi otentha chotere, ndipo ana akhale kutali: amamatirira pakhungu ndipo amawotcha kuposa madzi owira. Akasiya kubwata n'kupolako, athireni m'timakapu ting'onoting'ono topirira kutentha kuti muthe kutulutsa zibulumwa zokwana m'dzanja, ndipo zisiyeni zizizire zokha, osati mufiriji.

Sankhani tsiku louma. M'dzinja, kapena pa masiku a chiperoni, tiulusi timanyala muli m'kati mokoka. Ogasiti ndi Sepitembala ndi miyezi yabwinoko, makamaka m'mawa kusanatenthe. Chibulumwa chikamathetheka poboola, ndiye kuti chinapsa mopitirira kapena chazizira kwambiri, ndipo kuchifunditsa pang'ono kumathandiza. Chikamalendewera chokha n'kumamatirira zala, chinaphulidwa msanga. Kaulusi kamodzi kapena tiwiri tikaduka m'kati mwa ntchito, pitirizani, mtolo umatinyamula. Poyamba lekezani pa kupinda ka 10 kapena ka 11, pakuti tiulusi 1,024 kapena 2,048 n'tokwanira kale kusungunuka palilime. Mtedza ndi chitowe mukazingiretu, musinjiretu n'kuziika pambali panu musanaboole chibulumwa choyamba, chifukwa ulusi ukatuluka sipakhalanso nthawi yopita kumtondo.